Nsalu za Maliro pa Mazenera a Holo

Moni nonse okondedwa amene mwapatula kanthawi kuti mukhale nane. Ndikuyamika Mulungu amene watidzutsa ndi mpweya m'mphuno, ndipo inunso ndikukuthokozani. Kokani mpando ndikuuzeni zimene zidamugwera Sefakor, mwana wamkazi wa Papa Agbeko, mkulu wa mpingo wopuma wa kuno ku Kpando. Ndikamaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwawabe, chifukwa lilime la munthu wansanje lilibe chisoni.

Abale ake a Elikplim, mphunzitsi wa Chifalansa ndi Chisipanishi pa sukulu ya atsikana ya mishoni, adali atabwera kale kudzagogoda, ndiko kuti kudzafunsira Sefakor ukwati. Adasiya mabotolo awiri a vinyo wosaledzeretsa, ndipo Papa adawayankha mwamwambo kuti amva, adzawaitana. Mabotolowo adali pamwamba pa kabati pabalaza. Akatsekulidwa ndiye kuti ukwati ulipo, akabwezedwa osatsekula nkhani yathera pomwepo. Sefakor ankawapukuta fumbi m'mawa uliwonse, uku akupemphera chamumtima. Ntchito yofufuza khalidwe la mnyamatayo Papa adaipereka kwa mlongo wawo, Tasi Mawunyo, azakhali ake a Sefakor, mayi amene ngakhale abusa ankayamba akhosomola asanawayankhe.

*

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Sefakor ndi Elikplim adaima pansi pa mtengo wa mango, motalikirana pang'ono monga ayenera anthu amene yankho lawo silidatuluke. Elikplim adayamba kudandaula za atsikana ake. Adati m'buku amawerenga Chifalansa bwinobwino, koma munthu akangowalankhula amangoti kukamwa yasa ngati nkhosa zopanda mbusa, pomwe mayeso olankhula ayandikira. N'chifukwa chake Loweruka lililonse masana ankawaonetsa kanema m'holo, kuti aziona milomo, manja ndi nkhope za eni chinenero. Koma dzuwa linkalowa pa mazenera onse, anthu a pakhoma n'kumaoneka ngati mizukwa.

"Mwina dzuwalo likukuthandizani," adatero Sefakor. "Dzanja lipumeko, a Chikhatho."

Limeneli lidali dzina limene atsikana adamupatsa. Kanema akafika poti anthu akufuna kupsompsonana, Elikplim ankaphimba diso la pulojekita ndi chikhatho chake, holo yonse n'kubuula mumdima mpaka zitadutsa. Iye adaseka n'kunena kuti wa Loweruka likubwerali ndi wanthabwala, wa Chifalansa, dzanja silidzagwira ntchito. Koma wa Loweruka linalo, wa Chisipanishi, ameneyo Papa asadzamuone mpaka Ambuye adzabwere, chifukwa muli mnyamata wapakamwa amene amalimbana ndi bambo wa bwenzi lake. Adaseka onse awiri, osadziwa chimene akuseka.

Tsiku lotsatira Sefakor adatsekula bokosi la m'chipinda cha malemu mayi ake. Mudali nsalu zikuluzikulu, zakuda ndi zofiira, zimene adakuta nazo khonde ndi matenti pa maliro awo chaka chathachi. Zidali zokhuthala moti kuwala sikukadadutsa. Elikplim ataziona adabwerera m'mbuyo n'kukana. Koma Sefakor adamukakamiza. Adati azipachike chamkati, palibe adzazione. Adatinso amayi akadakhala moyo akadazipereka okha, pakuti moyo wawo wonse ankakagula katundu ku Lome akulankhula ndi zala, ndipo ankadandaula kuti akadadziwa Chifalansa sakadamasekedwa pachipata cha m'malire.

Chikondi chimapatsa munthu mtima wabwino, koma nzeru sichipereka nthawi zonse. Mnyamatayo adalandira.

*

Loweruka lidakumana ndi tsiku la msika. Sefakor adali ndi Tasi pa benchi ya Daavi Enyonam, wogulitsa abolo, timikate ta chimanga, pamene Fo Setor adatulukira pa njinga yamoto, nkhope ataigwetsa ngati wobwera ndi uthenga wa Yobu. Setor ameneyu ndiye ankatsogolera kwaya ya mpingo, komanso ankaphunzitsa nyimbo pa sukulu yomweyo. Adali atafunsirapo Sefakor n'kukanidwa, ndipo holo ya Loweruka masana nayonso adali ataluza kwa Elikplim yemweyo.

"Tasi, kodi simudamve kanthu?" adafunsa, mawu atawakweza ndithu kuti ena amve. "Ndadutsa kusukulu ya atsikana. Mazenera onse a holo ali nsalu zofiira ndi zakuda. Sindikudziwa kuti ndi mwana wa yani."

Msika wonse udaima. Daavi Enyonam, amene mwana wake Dzifa ankagonera pa sukuluyo, adagwetsa beseni, abolo n'kumwazika m'fumbi. Amayi ena adasiya malonda osavindikira. A kabaza adanyamula anthu atatuatatu, ena adathamanga wapansi manja ali kumutu, akuitana maina a ana awo.

Sefakor adadziwa pomwepo chimene chachitika. Kudatentha, atsikana adatsekula magalasi, mphepo ya kunyanja n'kukokera nsalu zija panja. Adafuna kukuwa kuti palibe wamwalira, koma Tasi adali atamugwira dzanja, ndipo adaopa kudziulula.

Atafika, nsalu zidali petupetu pa mazenera, zikuoneka kuchokera kumsewu. Amayi adakankha chitseko akulira, ndipo chimene chidawalandira ndi phwete la atsikana. Pakhoma mzungu wonenepa ankathamangitsa chipewa chake chimene chidauluka. Kulira ndi kuseka zidagundana pakhomo paja. Daavi Enyonam adamupeza Dzifa wake, adamukumbatira, adamumenya khofi, n'kukomoka pomwepo.

Tasi sadayang'ane khoma. Adapita pa zenera, adagwira m'mphepete mwa nsalu, n'kuyendetsa chala pa msoko. Msoko umenewo adaupinda okha ndi singano, misozi ikugwera pomwepo.

"Aphunzitsi, nsalu izi mwazitenga kuti?"

Elikplim adamuyang'ana Sefakor kamodzi kokha, n'kugwetsa maso. "Ndazipachika ndine, Tasi. Mlandu ndi wanga."

"Sindidafunse amene wapachika."

Ndipo Sefakor, ngati Petro pamoto paja, adaima m'gulu la anthu osanena kanthu. Tasi adatsitsa nsalu zonse okha, osalola munthu kuwathandiza, adazipinda, adazisenza pamutu, n'kutuluka.

*

Pofika Lolemba nkhani idali itamera nthenga. Ena ankati mphunzitsi adalowa m'nyumba ya apongozi asanamuyankhe n'komwe, n'kutsekula bokosi la womwalira. Ena ankati amatsekera ana a eni mumdima n'kumawaonetsa zolaula, ndipo zikanyanya ndi pamene amaphimba ndi dzanja. Aliyense ukamufunsa kumene wamva, njira yake inkakathera kwa Setor.

Sefakor adamulembera Elikplim pafoni kuti akukaulula kwa Papa. Iye adayankha kuti asayerekeze, Tasi akwiyire mlendo kusiyana n'kuti akwiyire mwana wa m'nyumba, pakuti mkwiyo wa azakhali pa mtsikana wokwatiwa si chinthu chosewera nacho. Sefakor adalemba kuti ndiye mabotolo abwezedwa. Iye adati adzagogodanso, Yakobo adadikira zoposa pamenepa. Apa mtsikanayo adaiponya foni pabedi. Adakwiyira Setor, adakwiyira tauni yonse, adakwiyira ngakhale ubwino wa Elikplim umene unkamusandutsa iye wamantha. Koma kwambiri adadzikwiyira yekha.

Lachitatu madzulo kudali kuphunzira nyimbo. Setor, popanda manyazi, adasankha nyimbo ya kukhululukirana, n'kumaimbitsa maso atatseka. Sefakor sadaimbe nawo. Atatha, adamudikira pakhonde la tchalitchi.

"Fo Setor, mudadutsa pansi pa mazenera aja. Kuseka mudakumva kapena simudakumve?"

"Ine ndidaona nsalu, Daavi Sefakor. Makutu angawa ndi a nyimbo."

"Kuchokera pamsewu paja, pafupi ndi pati, pakhomo la holo kapena kumsika?"

Setor adakonza kolala ya malaya ake. Adati iye ndi Mkhristu, ataona chizindikiro cha maliro adachita zimene Mkhristu aliyense akadachita. Adatinso munthu wosalemekeza akufa sangalemekeze amoyo, ndipo mtsikana wa mawu okoma ngati iye sayenera kutayidwa kwa woonetsa zithunzi.

"Anga mabotolo ndagula kale," adatero motsitsa mawu. "Ndikungodikira malo pakabati paja."

"Mumwe nokha, mwina angakutsukeni kukhosi. Lamulungu lija mudatiyambitsa nyimbo ngati tambala wachimfine." Sefakor adasendera pafupi. "Daavi Enyonam agona kuchipatala chifukwa cha inu. Mudadziwa kuti ana ali moyo, koma mudaimika mitima ya amayi awo kuti mupeze mkazi ndi holo. Ndiye mukubwera pano kudzatiimbitsa za chikhululukiro, maso mutatseka. Muzitsekadi, Fo, kuti musaone amene mukumuimbirayo."

Amayi awiri a kwaya amene ankanamizira kufuna maambulera awo adamva zonse. Setor adaseka kuseka kouma, n'kunena kuti aonana Lachisanu, pakuti wamva kuti Papa aitanitsa mphunzitsi.

*

Zidali zoona. Lachisanu masana Papa Agbeko adakhala pa mpando wawo pabalaza, ndodo ili pakati pa miyendo, mutu ataupendeketsa kuti khutu lamanja, lokhalo limene limamva, liloze kwa olankhula. Tasi adakhala pambali pawo. Mabotolo aja adali atatsika pakabati, ali patebulo m'kathumba, okonzeka ulendo. Elikplim adakhala pa kampando pafupi ndi khomo, ndipo Sefakor adaima kukhomo la kukhitchini, kumene adauzidwa kuti asachokeko.

Tasi adalankhula nthawi yaitali, ndipo ndinene zoona, mkwiyo wawo sudali wopanda pake. Adati mlamu wawo adamusambitsa okha. Adati nsalu zimene zija zidamva kulira kwa banja lonse, ndipo adazisunga kuti zidzatulukenso pa tsiku lokumbukira malemuwo, osati kuti zikatchinge dzuwa pamene ana akuseka mzungu wothamangitsa chipewa. Adati adafufuza mnyamatayu mbali zonse, samwa, alibe mwana kumbali, kwawo kulibe matenda oopsa, ndipo adatsala pang'ono kuuza mlongo wawo kuti atsekule. Koma munthu amene dzanja lake lafika m'bokosi la womwalira asanapatsidwe ngakhale mpando m'nyumba, akadzapatsidwa mkazi adzafika pati?

Papa adafunsa Elikplim ngati ali ndi mawu. Iye adati adalakwa, ndipo akupempha chikhululukiro. Atafunsidwa kuti bokosi adatsekula bwanji, adangowerama.

Tasi adatambasula dzanja kuti atenge kathumba kaja. Pamenepo Sefakor adalowa, n'kugwada pakati pa balaza.

"Papa, Tasi, bokosi ndidatsekula ndine. Iwowa adakana, ndidawakakamiza ndine. M'nyumba muno sadalowemo."

"Sefakor, usa..."

"Inu khalani chete," adamudula osatembenuka. "Mwandisenzera katundu sabata yonse ngati ndilibe mutu wanga. Sindikufuna kukwatiwa ndi wakuba, ngakhale wakuba wongonamizira."

Tasi adaimirira pang'onopang'ono. Mawu awo adatsika, ndipo zimenezo zidaopsa kuposa kukuwa.

"Iwe? Ndidakugwira dzanja pamsika paja, amayi akulira, ukudziwa? Mayi ako omwe, Sefakor?"

Mtsikanayo adalira, koma sadabweze mawu. Adati adalakwa posapempha, adalakwanso kwambiri pokhala chete. Koma adati sadachite monyoza. Adakumbutsa za maulendo a ku Lome, mmene amayi ankabwerera atatopa n'kumanena kuti ana a masiku ano aphunzire zinenero kuti asamakhale osalankhula pakhomo la anansi awo. Tasi adati asawaphunzitse za mlamu wawo, adamudziwa iye asanabadwe. Komabe adakhala pansi, n'kuyamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

Papa adatsata ndi maso nkhuku imene idalowa, idazungulira tebulo n'kutuluka. Kenaka adati nkhani ya nsalu yatuluka m'manja mwa mlendo, tsopano ndi ya m'nyumba, ndipo mwana wawo adzapita ndi azakhali ake kukapepesa kwa Daavi Enyonam ndi amayi onse a mumsika, benchi ndi benchi. Za woimbitsa kwaya adati adzakamba ndi abusa. Adatulutsa mabotolo m'kathumba muja. Koma sadatsekule.

"Aphunzitsi, chatsala ndi dzanja lanulo."

Elikplim adayang'ana chikhatho chake ngati ndi cha munthu wina.

"Ndamva kuti pali zimene mumaphimba. Mwina mumachita bwino, mwina ayi. Ine sindipereka mwana wanga pa zongomva, ndiponso sindimukaniza pa zongomva. Mawa ndi Loweruka. Ndibwera ndi mlongo wangayu, tidzakhala kutsogolo. Mudzaonetse kanema yemweyo amene mudalonjeza ana, musasinthe, dzina lake lili kale pa bolodi. Ndipo manja anu onse awiri adzakhale pa maondo."

Elikplim adayesa kunena kuti kanemayo ndi wa Chisipanishi, Papa adzangotopa naye. Papa adavomera kuti Chifalansa cha ku Lome amatolako, koma Chisipanishi ayi. N'chifukwa chake mphunzitsi adzakhala kudzanja lawo lamanja, n'kumawamasulira liwu lililonse m'khutu, m'chinenero chathu. Tasi adaonjeza kuti iwo adzakhala ndi Dzifa, amene akuti ndiye woyamba m'kalasi, kuti mphunzitsi akadumpha kapena kukometsa liwu, mwanayo adzawatsine. Za mazenera adati asavutike, adzabweretsa okha ziguduli za koko.

"Tikatuluka m'holomo," adatero Papa, "mabotolowa adzadziwa kolowera."

*

Adamulola Sefakor kuperekeza mlendo mpaka pachipata, Tasi ali pakhonde maso ali pa iwo. Mtsikanayo adali asanaphwe mkwiyo, koma mtima udali utapepuka. Adati zatha bwino, kupsompsonana kokha Papa sangafe nako, adakwatirapo. Elikplim sadaseke. Nkhope yake idali ngati ya Danieli atamva kuti mikango sidadye.

"Si kupsompsonanako," adatero. "Udaiwala zimene ndidakuuza pansi pa mango?"

Sefakor adaima. "Mnyamata wapakamwa uja. Amati chiyani kwenikweni?"

Elikplim adafotokoza monong'ona. Bambo wa m'kanemamo mkazi wake adamwalira. Ndi mkulu wa mpingo, amayenda ndi ndodo, ndipo amachedwetsa yankho la ukwati wa mwana wake. Tsono pakati pa kanema mnyamatayo amamuimirira pamaso n'kumuuza kuti ndi tonde wokalamba, wopemphera mokweza koma mtima uli gwa, amene akusunga mwana wake kuti azimuphikira mpaka imfa.

"Ndiye mawu amenewo mukawanena inu? M'khutu mwa Papa?"

"Liwu ndi liwu. Dzifa ali pomwepo."

"Nanga pothera pake? Amakhululukirana?"

"Mtsikanayo amathawira pazenera."

Sefakor adagwira chipata. Adafunsa ngati palinso china, ndipo adaona kuti chilipo, chifukwa mnyamatayo ankayang'ana kumwamba ngati wofuna thandizo la angelo.

"Amabwereza kawiri," adatero Elikplim. "Koyamba bamboyo samva. Ndi wogontha khutu limodzi."

Sefakor adacheuka. Kudzera pakhomo lotsekula adaona Papa ataimirira pa kabati, akubwezera mabotolo aja pamalo pake mosamala, limodzi ndi limodzi. Kathumba kaja sadakataye. Adakapinda bwinobwino, n'kukaika pambali pomwepo.

Okondedwa, Mulungu amene adatsekula pakamwa pa Mose wachibwibwi akupatseni mawu pa tsiku limene choonadi chidzakhala cholemera kuchinena. Akutchinjirizeni ku lilime lothamangira kumsika, atonthoze amene mukulirabe okondedwa anu, ndipo pa mazenera a nyumba zanu pasapachikidwe nsalu yofiira nthawi isanakwane. Mtendere wake ukhale nanu, inu ndi a m'nyumba mwanu. Ameni.